Magalimoto a Mawaya ndi Magalimoto a m'Foni

Amene anaimapo m'mbali mwa mseu wa Great East pa boma la Chongwe m'mamawa adziwa mmene mabasi opita ku Nyimba, Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi amadutsira motsatizana, basi iliyonse ndi utoto wake ndiponso dzina lake lolembedwa m'nthiti. Pambuyo pao pamabwera malole olemedwa ndi katundu wopita ku cipata ca Mwami ndi ca Chanida, ndi maminibasi a ku Lusaka okhala ndi mau osekesa kapena acipembedzo pa galasi la kumbuyo. Ana a m'dera lino amakula maso ali pa mseu umenewu, ndipo ambiri a ife amene lero tili ndi imvi tinadziwa maina a magalimoto tisanadziwe kuwerenga. Motero sitinadabwe kumva kuti ana athu nao ali ndi magalimoto ao. Cimene cinatidabwitsa ndi kumene magalimotowo amaimikidwa, ndiponso ndalama zimene amadya.

Ndalama za mbeu zinasowa

Nkhaniyi inatipeza pa msonkhano wa mphakati m'caka ca 2024, caka cija ca cilala comwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, thumba la unga la makilo 25 linapitirira K300, ndipo magetsi anali kuzima maola oculuka kuposa amene anali kuyaka. Titatha kugawana Mau a Mulungu, mai wina wamasiye amene amagulitsa tomato ndi repu pa msika anapempha kuti anene cimene cinali kumudya mumtima. Kwa miyezi ingapo anali kusunga pang'onopang'ono ndalama za mbeu m'foni yake. Tsiku limene anapita kukazitenga pa kanyumba kotumizira ndalama, anauzidwa kuti mwatsala K40 yokha, pamene iye anali kuwerengera K400. Panatuluka mau owawa pakati pa iye ndi mtsikana wogwira nchito m'kanyumbako, mpaka anthu anasonkhana.

Madzulo ake mwana wake wamkulu anayang'ana mauthenga a m'foni, napeza kuti ndalamazo zinatuluka usiku, kasanu, zonse kupita kwa munthu mmodzi wosadziwika amene amagulitsa ndalama za m'masewera. Wozitumiza anali mng'ono wake wa zaka 13, mnyamata wofatsa, wotumikira pa Misa, amene amai ake anamuuza okha nambala yacinsinsi cifukwa maso ao saonanso bwino tizilembo ta pa foni.

"Unagula ciyani, mwanawe?" anafunsa maiyo.

"Ndinagula penti ndi mawilo a galimoto yanga, amai."

Pofika apa ambuya ena amene anakhala pa mphasa pafupi ndi khomo anadula nkhaniyo nati: "Nanga galimotoyo waiimika kuti? Tiyeni tikaigulitse kuti ndalama za mbeu zibwerere." Ena a ife tinaseka, koma mwini nkhani sanaseke. Ndipo titaganiza bwino tinaona kuti funso la ambuyawo linali lanzeru kuposa mau onse amene ananenedwa tsiku limenelo.

Kodi anawa akugula ciyani?

Tiyambe ndi kufotokozera anzathu amene sanagwirepo masewera otere. Pa foni, pa kompyuta, kapena pa makina olumikiza ku wailesi ya kanema monga PlayStation, pali masewera amene amaika wosewera m'dziko lopeka lokhala ndi miseu, mapiri, milatho ndi midzi. Wosewerayo amayendayenda m'dzikolo kufunafuna zinthu, kuthawa adani ndi kutsiriza nchito zimene wapatsidwa, ndipo kawirikawiri amayenda pa galimoto kapena pa njinga yamoto. Ena amene tsopano ali pa banja akumbukira GTA San Andreas, masewera a mu 2004 amene anali kulipira kuti awasewere m'tumashopu ta ma PlayStation, ngakhale kuti anapangidwira akuluakulu okha. M'masewera amenewo munthu anali kulowetsa galimoto m'garaji, kuisintha utoto ndi mawilo, nalipira ndi ndalama zopeka zimene wapeza m'masewera momwemo. Akalipira mwini shopu, nkhani ya ndalama zenizeni inali kuthera pomwepo.

Masewera ambiri a pa foni a masiku ano amatengedwa ulere. Acinyamata athu amadziwa bwino PUBG Mobile, imene inatuluka mu 2018, momwe anthu 100 amatsitsidwa pa cilumba kuti alimbane mpaka atatsala mmodzi kapena gulu limodzi. Amadziwanso Free Fire, ya mu 2017, imene imayenda ngakhale pa foni zotsika mtengo. Nanga kampani yopereka masewera ulere ipeza bwanji phindu? Imagulitsa maonekedwe: zovala za wosewera, utoto wa mfuti yake, ndi zokongoletsa za galimoto yake, zimene anawo amati ma skin. Munthu sagula zimenezi ndi kwacha mwacindunji. Amayamba wasintha ndalama zenizeni kuti zikhale ndalama za m'masewera, zimene mu PUBG Mobile amati UC ndipo mu Free Fire amati madayamondi. Zikasinthidwa motero, mwana saonanso kuti wadya mtengo wa theka la thumba la unga. Amangoona manambala akucepa pa kagalasi.

Makampani opanga magalimoto enieni nao analowamo. McLaren inalola kuti magalimoto ake aoneke mu PUBG Mobile mu 2021, Lamborghini mu 2022, ndi Bugatti mu 2023. Motero mwana wa ku Kanakantapa amene kwao kulibe ngakhale wilibala akhoza kuonedwa ndi anzake akuyendetsa Lamborghini. Zokongoletsazi sizionjezera liwiro la galimotoyo ngakhale pang'ono. Phindu lake lonse ndi lakuti ena akuone. Koma tisafulumire kuwaseka anawa. Citenje catsopano sicifunda kuposa cakale, komabe tikudziwa mmene amai amacifunira pa tsiku la ukwati kapena la Ulimbitso wa mwana.

Ifenso tinali osonkhanitsa

Tinene zoona: cilakolako cimeneci si cacilendo pakati pathu. Ndani wa ife abambo amene sanapindepo waya? Tikumbukira nyengo ya cilimwe, sukulu zitatsekedwa, mmene tinali kukhalira pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka njala itatikumbutsa kwathu. Waya wokhuthala unali wa thupi la galimoto, woonda unali womangira pa mfundo, ndipo pamene woondawo wasowa tinali kumanga ndi malegeni odulidwa ku cubu cakale ca njinga. Mawilo abwino koposa anali zitini za polishi ya nsapato ya Kiwi, ndipo amene analibe anali kupinda waya mozungulira naukulunga ndi malegeni kuti ugwire bwino pa fumbi. Zitsekerero za Fanta zinali nyali. Katswiri weniweni anali kuika batire lotha la wailesi ndi kababu ka tochi, kotero kuti galimoto yake inali kuwala madzulo, ndipo ana onse a m'mudzi anali kumutsata ngati mfumu. Ena anali kupanga Land Rover, ena Peugeot 504, koma ulemu waukulu unali wa iye amene wapanga basi ya UBZ yokhala ndi mipando m'kati ndi makwerero okwerera pamwamba. Kampani ya UBZ inatsekedwa mu 1995, koma m'midzi mabasi ake a mawaya anapitiriza kuyenda.

Panalinso malonda, ndipo sanali malonda amasewera. Aliyense anali ndi citini kapena kathumba kobisamo cuma cake. Kababu kamodzi ka tochi kanali kugula malegeni odzaza dzanja. Zitini ziwiri za Kiwi zofanana bwino zinali kusinthidwa ndi mbatata yoocha, ngakhale ndi lonjezo lakuti mnzako akulembera masamu a mawa. Amene anali ndi mbale wake wogwira nchito ku Lusaka kapena ku bwalo la ndege anali wolemera, cifukwa zinthu zosowa zinali kufika kwa iye poyamba. Ndipo tisadziyeretse: pali mipanda ya madimba a anthu imene inacepa waya usiku, ndi nsapato za atate zimene zinakhala zosapolishidwa cifukwa polishi inatayidwa dala kuti citini cipezeke. Bambo mfumu anamva zambiri za mtundu umenewu pa Loweruka madzulo.

Conco mwana amene lero akusonkhanitsa mawilo ndi utoto wa galimoto ya m'foni ndi mwana wathu ndithu, ndipo akucita zimene tinacita. Kusiyana kuli pa funso lija la ambuya. Galimoto ya mawaya inali ndi poimika. Inatuluka m'manja mwa mwini wake, ndipo zala zake zolasidwa ndi waya zinali umboni. Wokunyenga pa malonda unali kudziwa khomo la amake, ndipo mlandu unali kutha tsiku lomwelo pamaso pa mkulu wako. Ukakula, unali kuipatsa mng'ono wako, iyenso naisintha mmene afunira. Ya m'foni ili m'makompyuta a kampani ya kutsidya kwa nyanja, ndipo malamulo aatali aja amene mwana amavomereza osawawerenga kawirikawiri amanena kuti iye waloledwa cabe kugwiritsa nchito zinthuzo. Mwini wake ndi kampani.

Msika umene unatsekedwa tsiku limodzi

Kuti timvetse tanthauzo la zimenezi, tione zimene zinacitika ku masewera ena ochuka ochedwa Rocket League, momwe magalimoto amacita mpira wa miyendo. Si ambiri kuno kwathu amene amawasewera, popeza amafuna kompyuta yabwino kapena makina monga PlayStation, koma nkhani yake ndi phunziro kwa onse. Anapangidwa ndi kampani ya Psyonix ya ku San Diego ku America, ndipo anatuluka mu 2015. M'menemo osewera anali kusonkhanitsa matupi a magalimoto, mawilo, zojambula za m'nthiti, tizipewa toika pa denga, ndi mtundu wa utsi wotuluka kumbuyo. Anali kuloledwanso kusinthana zinthuzi, ndipo panabadwa msika waukulu wa dziko lonse wokhala ndi mitengo imene inali kukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku monga mtengo wa tomato pa Soweto. Zinthu zina zosowa kwambiri zinali kugulidwa ndi madola masauzande pa misika yapambali. Panali acinyamata amene anatha zaka akugula motsika ndi kugulitsa mokwera, nadziyesa amalonda.

Mu 2019 kampani yaikulu ya Epic Games inagula Psyonix. Mu Okutobala 2023 analengeza kuti kusinthana zinthu pakati pa osewera kutha, ndipo pa 5 Disembala caka comweco msika unatsekedwa. Osewera anadandaula, ena analemba makalata osainidwa ndi anthu ambirimbiri, koma cosintha panalibe. Zinthu zao sizinalandidwe ai. Zinatsala m'garaji ya wosewera aliyense, koma popanda njira yozigulitsira kapena yopatsira mnzake. Amene anali kudziyesa mwini sitolo anazindikira kuti anali mlendo m'nyumba ya wina. Akulu anati khasu lobwereka silicedwa kuthyoka. Ili silinathyoke n'komwe, mwini wake anangolitenga.

M'masewera a pa foni amene ana athu amakonda, njira yogulitsira mnzako galimoto yokongoletsedwa palibe, ndipo apa ndi pamene pamalowera akuba. Popeza cinthuco sicingacotsedwe, anyamata amagulitsana akaunti yonse, cinthu cimene malamulo a masewerawo amaletsa. Wogula amatumiza ndalama, napatsidwa mau acinsinsi olowera, koma patapita masiku ocepa wogulitsa uja amabwezanso akauntiyo kwa iye mwini, ndipo nambala yake ya foni siyankhanso. Ena amalonjeza UC kapena madayamondi aulere ngati mwana atumiza mau ake acinsinsi kapena nambala imene yangofika pa foni ya amai ake. Wonyengedwa sanena kwa munthu, cifukwa kunena ndi kudziulula kuti anaba. Tikuganiza kuti manyazi amenewa ndi amene amacititsa makolo ambiri kukhulupirira kuti vutoli lili m'nyumba za ena zokha.

Maere obvala zokongola

Pali cinthu cina cimene cimatidetsa nkhawa kuposa kuba. Galimoto yosiririka kwambiri kawirikawiri sigulitsidwa ndi mtengo wodziwika monga sopo m'sitolo. Mwana amalipira kuti atsegule bokosi kapena azungulitse gudumu la mwai, osadziwa cimene citulukemo. Nthawi zambiri mumatuluka kanthu kacabecabe, koma nyali zimawala, nyimbo imalira, ndipo galimoto yofunikayo imaonetsedwa ikudutsa pafupi, ngati kuti kamodzi kena kokha ndiye kakwanira. N'cifukwa cake ndalama za mai uja zinatuluka kasanu. Mwanayo sanakhale pansi ndi kulinganiza kuti abe K360; anatenga pang'ono, nalephera, natenganso pang'ono kuti zoyamba zija zisapite pacabe. Amene anaonapo munthu wamkulu akutha malipiro a mwezi m'nyumba zobechera mpira adziwa dzina la matenda amenewa.

Maboma ena anaona kale zimenezi. Mu Epulo 2018 bungwe loyang'anira za njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwai ogulidwa ndi ndalama m'masewera ena ndi njuga ndithu, ndipo makampani anayamba kuwacotsa m'dzikolo. Rocket League nayo inacotsa mabokosi ake mu Disembala 2019. Mu Disembala 2022 Epic Games inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America loteteza ogula linaiimba pa masewera a Fortnite, ndipo madola 245 miliyoni mwa ndalamazi anali obwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mosafuna, kuphatikizapo makolo amene ana ao anagula popanda cilolezo. Koma mai wa pa msika wa Chongwe, amene ndalama zake zinapita kwa munthu wosadziwika, akadandaula kuti?

Eklezia satsutsa masewera. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene Papa Yohane Paulo Waciwiri anapereka mu 1992, pofotokoza lamulo lacisanu ndi ciwiri pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwai pa okha sali chimo, koma amasanduka oipa pamene alanda munthu zimene afunikira kuti adzisamale ndi kusamala ena, ndiponso kuti cilakolako ca njuga cikhoza kumanga munthu ukapolo. Ndalama za mbeu m'caka ca cilala zili m'gulu limenelo popanda kukaika. Koma ife tikuona kuti mlandu wa mwana wa zaka 13 ndi wocepa poyerekeza ndi wa akuluakulu ophunzira amene anakhala pansi ndi kukonza gudumu limenelo mocenjera kuti mwana asathe kulisiya. Ndipo kacigawo kena ka mlanduwo ndi kathu, ife amene timapereka foni kwa mwana kuti atipatse mtendere, osafunsa n'kamodzi komwe kuti ationetse zimene zilimo.

Basi ya ku Chipata

Pamene tinayamba kufunsa, tinapeza cinthu cimene cinatikondweretsa. Anyamata ena a m'parishi amasewera Bus Simulator Indonesia, masewera a pa foni amene kampani ya Maleo inatulutsa mu 2017. M'menemo mulibe mfuti. Munthu amangoyendetsa basi, kunyamula anthu ndi kuwatsitsa. Cokoma cake ndi cakuti wosewera amaloledwa kujambula yekha utoto wa basi yake. Amatenga cithunzi coyera ca thupi la basi, nacipaka mitundu, nalembapo maina, kenaka n'kuciveka pa basiyo. Tinaona mnyamata wina akugwira nchito imeneyi kwa masiku atatu, akuyang'anitsitsa cithunzi ca basi imene anaijambula pa siteshoni, mpaka anaika mbendera ya Zambia kumbuyo ndi cikwangwani ca Lusaka–Chipata kutsogolo. Atatha anatumizira anzake pa WhatsApp, ndipo mmodzi anamubwezera cojambula ca basi ina. Si kuti masewerawa alibe zovuta: ali ndi zotsatsa malonda, amadya mabandulo ndi nthawi ya homuweki. Komabe m'maso mwa mnyamatayo tinaona cija ca pansi pa mtengo wa mango.

Mlongo wina wa cipani ca asisitere anatikumbutsa za Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anabadwira ku London mu 1991 namwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15. Papa Leo XIV anamulemba m'gulu la Oyera pa 7 Seputembala 2025. Carlo anali ndi PlayStation ndipo anali kuikonda, koma amai ake anafotokoza kuti iye mwini anadziikira malire a ola limodzi pa sabata. Luso lake la kompyuta analigwiritsa nchito kusonkhanitsa mbiri za zozizwitsa za Ukaristia. Nayenso anali wosonkhanitsa. Ana athu amamvetsera nkhani yake mwacidwi kuposa mmene amamvetserera ukali wathu, mwina cifukwa pa zithunzi amaoneka wobvala monga iwo.

Za banja lija, mphakati unasonkha mbeu yokwanira theka la munda. Maiyo anasintha nambala yacinsinsi, ndipo tsopano womuwerengera mauthenga ndi mwana wamkulu. Covuta koposa cinali kubwerera ku kanyumba kaja kukapepesa kwa mtsikana amene ananenedwa wakuba pamaso pa anthu. Anapita awiri, mai ndi mwana, ndipo wolankhula anali mwanayo. Ngongole yake inalembedwa kumbuyo kwa kope la masamu, ndipo anaibweza pothirira dimba la tomato la amalume ake kwa miyezi inai. Foni sanamuletse kotheratu. Amaigwira Lamulungu masana, pa khonde, amai ake ali pafupi.

Amalume akewo ndi mmodzi wa akatswiri akale a mawaya. Pamene tinapita kudimbako tinapeza awiriwo atakhala pa citsime, akupinda thupi la basi lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Mipando inali itaikidwa kale, ndi makwerero a kumbuyo omwe, koma mawilo anali atatu okha. Zitini za polishi zasowa masiku ano, ndipo mnyamatayo anatifunsa mwaulemu ngati kunyumba kwathu kulibe cimodzi cotha.